Khansa ya prostate: zomwe zachitikira madala anga

Bambo a Tadala, Area 25:
Odi pagulu pano, akuluakulu ndi amayi nonse. Pepani a admin, lero sindinabwere ndi za mjigo wa kumudzi uja. Ambiri mwakhala mukundiimbira kufunsa za madala, ndiye ndati ndiyankhire pompano kamodzi. Eni ake andilola. Ndinawafunsa dzulo ali gone pamphasa, anati, "Kawauze, makamaka anzako a msinkhu wako."

Madala awapeza ndi khansa ya prostate, ndipo yalowa kale m'mafupa a msana. Madokotala atiuza mosabisa kuti kuichotsa sikuthekanso, chomwe angachite n'kuichedwetsa ndi kuletsa ululu.

Chikundisowetsa tulo n'chakuti zinayamba kalekale, zaka zitatu kapena zinayi zapitazo, ife ana osadziwa kanthu. Amayi ndi amene atiululira tsopano. Madala ankadzuka kasanu usiku umodzi kukataya madzi. Chimbudzi chili patali ndi nyumba, ndiye anadula chigubu cha malita asanu n'kumachiika kuseri kwa chitseko, kusanache ankakachikhuthula okha kuti adzukulu asaone. Kutchalitchi anachoka pa benchi yawo ya kutsogolo ija n'kuyamba kukhala pafupi ndi khomo. Kuno ku Lilongwe anasiya kubwera, ankati minibasi zimawatopetsa, chonsecho ankaopa kuti mkodzo sangaugwire ulendo wonse. Ife tinkangoti ndi ukalamba.

Chaka chatha usiku wina mkodzo unatsekekeratu. Mimba inafufuma, munthu wamkulu kulira ngati mwana. Anawanyamula pangolo mpaka kuchipatala chaching'ono, anawaika paipi, mkodzo unatuluka. Tsiku lochotsa paipiyo anawalembera m'buku kuti apite kuchipatala chachikulu. Sanapite. Anati zatha. Kenako msana unayamba, iwo n'kumati ndi khasu. Anayenda kwa asing'anga awiri, msana wonse uli mphini zokhazokha. Mpaka mwezi watha miyendo inayamba kulemera, n'kugwa pakhonde.

Dokotala amene anatiuza zotsatira anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Inuyo muli ndi zaka zingati?" Ndinati 47. Anati, "Munayezetsapo?" Ndinangoti kukamwa yasa. Amuna opitirira zaka 45 tilipo ambiri pagulu pano. Funso lomwelo ndalibweretsa kwa inu.

Mayi a Chisomo:
Kalanga ine. Pepani kwambiri alamu. Ndinkadabwa kuti bwanji madala sakuonekanso pamaliro ndi pazinkhoswe, munthu amene sankajomba.

Akulu ampingo:
Tili nanu m'mapemphero, banja lonse. Lamlungu tikatuluka tidzafika kudzawaona.

Wakabaza wa pa boma:
Pepani akuluakulu, ine ndifunse, safunsa anadya phula. Prostate yo ndi chiyani kwenikweni? Ndi chikhodzodzo chomwe kapena?

Anesi Nachisale:
Pepani achimwene ndi matenda a bambo. Mwafunsa bwino a kabaza, ambiri amasokoneza. Prostate si chikhodzodzo. Ndi kachiwalo ka amuna okha, kukula kwake ngati suku limodzi. Kamakhala kunsi kwenikweni kwa chikhodzodzo, ndipo njira ya mkodzo imadutsa pakati pake. Ntchito yake n'kupanga ena mwa madzi a umuna.

Mwamuna akamakula, makamaka akadutsa zaka 50, kachiwaloka kamakonda kukula nako n'kumafinya njira ija, monga munthu akaponda paipi yothirira kudimba. Ndiye mkodzo umachedwa kuyamba, umatuluka mofooka, umadukiza, ukamaliza umamva ngati watsalira, usiku kudzukadzuka. Nthawi zambiri kukula kumeneku si khansa, ndipo kuli ndi mankhwala ake, kulinso opaleshoni yake. Mvetsani bwino pamenepa kuti wina asagone ndi mantha usiku uno.

Koma nkhani ili apa. Khansa ya prostate ikamayamba, kawirikawiri sipweteka ndipo sisokoneza mkodzo, chifukwa imakonda kuyambira chakunja kwa kachiwaloko, kutali ndi njira ya mkodzo. Munthu amalima, amadya nsima yake bwinobwino, iyo ikukula mwakachetechete. Ikamadzafika popweteketsa msana ndi chiuno kapena kuwondetsa munthu, imakhala yayenda kale. Ndiye sitikunena kuti ukadwala upite. Tikuti ukafika msinkhu, pita ukakambirane zoyezetsa ngakhale ukudzimva kuti uli bwino.

Achimwene a ku Leeds:
Pepani amwene. Ndiwonjezere zomwe timamva kuno, chifukwa zikutikhudza ife akuda mwapadera. Bungwe la Prostate Cancer UK limanena kuti kuno ku Britain mwamuna mmodzi mwa 8 aliwonse adzapezeka ndi khansa imeneyi pa moyo wake, koma mwa amuna akuda ndi mmodzi mwa 4. Tangowerengani amuna anayi pabwalo la bawo. Amanenanso kuti ngati bambo ako kapena mchimwene wako anadwalapo, chiopsezo chako chimakwera kawiri ndi theka. N'chifukwa chake ife akuda amatilimbikitsa kukaonana ndi dokotala kuyambira zaka 45, osadikira 50. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo ndaona azibambo ambiri amene anaipeza msanga akukhala nayo zaka zambirimbiri, kudzamwalira ndi zina. Amwene, inu ndi abale anu onse aamuna muli pamzere woyamba.

Malume a ku Joni:
Mphwanga, pepa ndi matenda a alamu anga, ndatumiza kangachepe dzulo, ufunse kwa mayi ako. Koma ndinene zoona zanga. Zoyeza ndi chala kumbuyo zija ine ayi. Munthu wa zidzukulu kukavula pamaso pa mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga? Komanso ndimamva kuti akakupeza nayo amakufula, ukwati n'kuthera pomwepo. Makolo athu ankamwa mitsitsi yawo n'kufika zaka 80. Kuno kuli mankhwala a zitsamba a m'mabotolo otsuka chikhodzodzo, anthu amawayamikira. Ndikhoza kuwaika pa basi ya Lachisanu.

Bambo a Tadala, Area 25:
Zikomo malume, ndalama zafika. Koma mabotolowo musavutike nawo. Mbuzi zinayi zinathera kwa asing'anga, ndipo chaka chomwe chinathera m'zitsambacho n'chimene dokotala anati chikanathandiza. Zakuti makolo ankafika zaka 80, ena ankafikadi. Koma kumbukirani nkhalamba zingati kumudzi kuja zinamwalira tikumati zalodzedwa, kapena msana unangozigwira n'kulephera kuyenda. Ndani anaziyeza?

Mayi a Chisomo:
Malume, ndi ulemu wonse, ndiloleni ndiyankhulireko azimayi. Ife timapita kukayezetsa khomo la chiberekero, timakwera pabedi paja, nthawi zina woyezayo n'kukhala mwamuna. Timabereka pamaso pa anthu osawadziwa. Sikuti ife tilibe manyazi ayi, koma timaganiza za ana amene tingawasiye. Inu mphindi imodzi yokha ikukanike?

Komanso abambo musamaganize kuti sitidziwa. Timamva chitseko chikutseguka usiku. Zovala zam'kati timachapa ndife, timaona madontho. Koma ukangofunsa, munthu kukalipa ngati wamutukwana. Mwamuna wanga atayamba kuvutika ndi mkodzo anakhala miyezi osandiuza chifukwa ankaopa kuti ndiganiza kuti watenga chinzonono kwinakwake. Ine nanenso ndinkaganiza zomwezo, kungoti osanena. Tinatsala pang'ono kuyitana ankhoswe pa nkhani yomwe inali ya kuchipatala. Atapita anamupeza kuti prostate yangokula, si khansa, ndipo amamwa kam'bulu kamodzi patsiku, pano amagona mpaka tambala. Zakuti ukwati utha, ine ndikuti mkazi wanzeru amafuna mwamuna wake wamoyo.

Anesi Nachisale:
Malume, mantha anuwo ndimakumana nawo tsiku ndi tsiku, si inu nokha. Ndifotokoze mmene zimakhalira.

Poyamba pali kuyeza magazi kotchedwa PSA. Amatenga magazi pamkono basi. PSA ndi chinthu chimene prostate imatulutsa, ndipo ikakhala ndi vuto chimachuluka m'magazi. Koma kukwera kwa PSA sikutanthauza khansa nthawi zonse. Imakwera prostate ikangokula, imakwera munthu akakhala ndi tizilombo m'njira ya mkodzo, imakweranso pang'ono ngati mwakhala malo amodzi ndi mayi kunyumba kapena mwagwira ntchito yolimbitsa thupi kwambiri chakumene. N'chifukwa chake timati masiku awiri musanayezetse mupume ku zimenezi. Komanso pali ena ochepa amene amakhala ndi khansa PSA ili yotsika. Apa ndi pamene chala chimathandiza.

Kuyeza kwa chalako, mumagona cham'mbali mawondo atapindidwa, woyeza amavala magolovesi n'kupaka mafuta oterera, ndipo sikutha ngakhale mphindi imodzi. Prostate ili pafupi ndi khoma la njira ya chimbudzi, ndiye amatha kumva ngati ili yosalala kapena yolimba ndi timibulu. Sizipweteka, zimangokhala zachilendo. Muli ndi ufulu wopempha kuti akuyezeni mwamuna mnzanu. Mukhozanso kuyamba ndi magazi okha n'kukambirana zinazo pambuyo.

Chotsimikiza kuti ndi khansa ndi biopsy, kutapa tinyama tating'ono kwambiri ndi singano n'kukatiunika. Pamenepo amaonanso ngati ili yaukali kapena yofatsa. Zina zimakula pang'onopang'ono kwambiri moti dokotala amangoti tiziiyang'anira, muzibwera kudzayezetsa, osachita opaleshoni n'komwe.

Chinthu china, kumachipatala ang'onoang'ono ambiri PSA sayeza. Funsani kuchipatala cha boma lanu, akhoza kukutumizani ku Kamuzu Central, ku Queens, ku Zomba kapena ku Mzuzu, apo ayi kumachipatala olipira. Osaiwala buku lanu.

Agogo aphunzitsi:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndipo ndaona kuti kukhala chete kwanga kukhala kulakwa. Ambiri a inu ndinakuphunzitsani masamu ku Sitandade 7. Lero ndikuphunzitseni china. Ine khansa imeneyi ndili nayo. Kupatula akazi anga ndi ana, palibe amene amadziwa pamudzi.

Anandipeza ndili ndi zaka 64. Sindinkamva kupweteka paliponse. Ndinapita ku Blantyre chifukwa cha BP, ndiye mwana wanga wamkazi anaumirira kuti andiyezenso PSA. Ndinakana kawiri, kachitatu ndinavomera kuti asiye kundivutitsa. Inapezeka yokwera. Chala anandiyeza, a ku Joni, ndipo ndikuuzeni mwamuna mnzanga kuti chimene chinandivuta si chalacho, koma masabata odikira zotsatira za biopsy. Ndinkakhala pakhonde kuwerenga mitengo ya mango yomwe ndinabzala, kuganiza kuti adzadye ndani.

Inapezeka kuti inali isanafike m'mafupa. Nthawi imeneyo makina a radiotherapy, owotcha khansa ndi cheza champhamvu, m'Malawi munalibe, ndiye ana anasonkherana ndinapita ku Lusaka, ku Cancer Diseases Hospital. Ndinakhalako masabata angapo, tsiku lililonse la ntchito kugona pamakina mphindi zochepa. Anandiikanso pa jakisoni wa miyezi itatu iliyonse. Khansa imeneyi imadya mahomoni achimuna otchedwa testosterone, ndiye jakisoniyo amaimana chakudya chake.

Tsopano za kufula zija, ndinene mosapsatira. Ndi zoona kuti pali opaleshoni yaing'ono yochotsa mbali ya ziwalo zomwe zimapanga mahomoniwo, ndipo imagwira ntchito yofanana ndi jakisoni. Amaiperekera makamaka amene khansa yawafalikira, kapena amene sangakwanitse jakisoni wa nthawi ndi nthawi. Koma sagwira munthu mokakamiza, amakufotokozera n'kusankha wekha. Ndi zoonanso kuti mankhwalawa amachepetsa mphamvu za m'nyumba. Ine zinandichitikira. Thupi linkatentha mwadzidzidzi, thukuta kamukamu pakati pa usiku, chilakolako chinazirala. Zinandipweteka mumtima, sindinama. Tsiku lina ndinawapepesa akazi anga. Anandiyankha kuti, "Ndinakwatiwa ndi inu, osati ndi chiwalo chanu." Takhala m'banja zaka 41. Chiyambireni mankhwala ndaona ukwati wa ana anga awiri ndipo ndanyamula zidzukulu zitatu zomwe zinali zisanabadwe.

Inu muli ku South Africa, a ku Joni. Desmond Tutu anamupeza ndi khansa yomweyi mu 1997, ndipo analengeza poyera. Anamwalira mu December 2021 ali ndi zaka 90. Nelson Mandela analandira radiotherapy mu 2001, anakhalabe mpaka 2013, zaka 95. Ngati akuluakulu amenewo anavula malaya pamaso pa dokotala, ine mphunzitsi wopuma ndingakane ndili ndani?

Akulu ampingo:
Aphunzitsi, mwatipatsa ulemu waukulu potiuza zimenezi. Ine ndachita manyazi. Timakumana azibambo a mpingo mwezi ndi mwezi, timakamba za zomangamanga ndi za feteleza, koma izi sitinakambepo n'kamodzi komwe. Ndipo ndinene monga mkulu wampingo: kupemphera ndi kupita kuchipatala sizilimbana. Amene akuuza wodwala kuti ataye mankhwala chifukwa wapemphereredwa akumupha.

Wakabaza wa pa boma:
Anesi, ine ndili ndi zaka 34 koma tsiku lonse ndimakhala pachishalo. Anzanga pa siteji amati njinga ndi imene imabweretsa matendawa. Ena amati ukakhala nthawi yaitali osagona ndi mkazi umuna umaundana n'kusanduka khansa. Zoona zake n'ziti? Komanso mkazi angatengere kwa mwamuna wake?

Anesi Nachisale:
Palasani njinga yanu a kabaza, njinga siyambitsa khansa. Kungoti tsiku lomwe mudzafune kuyezetsa PSA mudzapume masiku awiri kaye. Za umuna kuundana n'zabodza. Ndipo khansa sipatsirana, kaya pogonana, kaya podyera mbale imodzi. Zazikulu zomwe zimakweza chiopsezo ndi zitatu: msinkhu, kukhala wakuda, ndi mtundu wa kwanu. Pa mtundupo musamangoyang'ana amuna okha. Ngati mayi anu kapena achemwali anu anadwalapo khansa ya m'mawere kapena ya thumba la mazira, muuzeni dokotala, chifukwa pali choyambitsa china cha m'magazi a banja chomwe chimakhudza mbali zonse ziwiri. Pa zaka 34 matendawa sachitikachitika. Inu ntchito yanu ikhale kunyamula bambo anu ndi amalume anu kupita nawo kuchipatala.

Nambewe wa ku Salima:
Kuno kunyanja mwamuna akakodza magazi amangoti ndi likodzo, amagula mankhwala n'kupitiriza za usodzi. Apongozi anga akhala akutero kawiri chaka chino.

Anesi Nachisale:
Apite akayezedwe, achemwali, asadikire kachitatu. Likhoza kukhala likodzodi, koma magazi mumkodzo mwa munthu wamkulu amathanso kuchokera ku prostate, ku impso kapena ku khansa ya chikhodzodzo, yomwe likodzo la nthawi yaitali limathandizira kuyambitsa. Ndipo gulu lonse lisunge ichi: bambo wodwala msana akayamba kufooka miyendo, kuchita dzanzi, kapena kulephera kugwira mkodzo ndi chimbudzi, limenelo ndi la tsiku lomwelo, osati la mawa. Khansa ikapanikiza mtsempha waukulu wa mumsana, kuchedwa kwa masiku ochepa kukhoza kumusiya munthu osadzayendanso.

Achimwene a Tadala, ululu akuthana nawo bwanji kunyumbako?

Bambo a Tadala, Area 25:
Anawapatsa morphine wamadzi. Poyamba amayi anakana, amati mankhwala amenewo amapatsa munthu woti akufa mawa. Namwino wa kiliniki yosamalira odwala matenda aakulu anakhala nawo pansi pafupifupi ola lathunthu kuwafotokozera. Pano amayi ndi amene akhala katswiri. Anawapatsa sirinji yopanda singano yoyezera, ndipo mdzukulu anawaikira alamu pafoni kuti izilira maola anayi aliwonse. Ikalira amasiya chilichonse, kaya akupeta, kaya ali pamoto. Usiku woyamba madala anagona mpaka kucha, koyamba m'miyezi itatu. Amayi anadzuka kawiri kukawagwira pachifuwa kuti aone ngati akupuma. Vuto lake ndi kudzimbidwa, ndiye tikuwapatsa mapapaya, madzi ambiri ndi mankhwala ofewetsa m'mimba omwe anatipatsa. Jakisoni wa mahomoni uja nawonso ayamba, ndipo atilembera tsiku ku malo a khansa a pa Kamuzu Central kuti akaone za msanawo.

Anesi Nachisale:
Mwachita bwino kwambiri. Morphine woperekedwa pa mlingo wake safulumizitsa imfa, amabwezera munthu tulo ndi chilakolako cha chakudya. Amene muli ku Blantyre, pa Queens pali kiliniki ya chisamaliro chotere yotchedwa Tiyanjane. A ku Salima muli ndi ina yotchedwa Ndi Moyo. M'zipatala za maboma namonso funsani za palliative care, chisamaliro chochepetsa ululu kwa odwala matenda aakulu. Muwayang'anirenso amayi, osamalira wodwala amatopa mosaonekera. Gawanani masiku.

Achimwene a ku Leeds:
Nanga inuyo amwene, funso la dokotala lija munaliyankha?

Bambo a Tadala, Area 25:
Ndinapita Lachitatu lapitali. Pamzere ndinali ndi mantha moti ndinaimirira kawiri kufuna kubwerera. Zotsatira zinatuluka tsiku lotsatira, PSA ili bwino pa msinkhu wanga. Anati chifukwa cha madala ndisalekere pomwepo, anandilembera m'buku nthawi yodzabwereranso. Mng'ono wanga wa ku Mzuzu ali ndi zaka 45, akuti alibe nthawi. Ali pagulu pano ndipo ndikudziwa kuti akuwerenga.

Mng'ono wake, Mzuzu:
Ndawerenga zonse akulu. Ndipita malipiro akangolowa. Ndidzatumiza chithunzi cha buku pompano.

Malume a ku Joni:
Aphunzitsi, mawu anu andikhudza. Ndakhala ndi foni m'manja nthawi yaitali, kulemba n'kufufuta. Ndili ndi zaka 56. Chiyambire nyengo yozizira ndimadzuka katatu kapena kanayi usiku, ndipo kuntchito anyamata amalowa m'chimbudzi n'kutuluka ine ndikadali chiimire. Mabotolo ndimanena aja ndamwapo atatu ndekha, palibe chasintha. Azakhali anu sindinawauze. Mwana wanga Nachisale, ndikafika kukiliniki ndikanene kuti chiyani?

Anesi Nachisale:
Zikomo malume potikhulupirira. Mukanene momwe mwanenera apamu: zaka zanu, kangati mumadzuka usiku, mmene mkodzo ukutulukira, ndi kuti zinayamba liti. Kenako mupemphe kuti akuyezeni mkodzo, PSA ndi prostate. Mabotolowo muwatenge akawaone, pamodzi ndi mankhwala ena alionse amene mumamwa. Mwina n'kukula chabe kwa prostate ngati kwa bambo a Chisomo, koma tikadziwe. Mkodzo ukadzatsekeka musadzadikire kuti kuche. Ndipo azakhali muwauze usiku uno, apite nanu.

Mayi a Chisomo:
Azakhali akudziwa kale malume, akungodikira kuti muyambe ndinu.

Malume a ku Joni:
Ndapuma Lolemba. Ndipita.

Akulu ampingo:
Anesi, msonkhano wa azibambo wa mwezi wamawa mungabwere kudzatiyankhula? Tiitananso a mipingo ina ndi a kumzikiti, ndipo ndikauza amfumu kuti alengeze. Aphunzitsi, ngati mungalole, mudzakhale pambali pawo.

Agogo aphunzitsi:
Ndidzabwera, ndipo ndidzayankhula.

Bambo a Tadala, Area 25:
Ndawaimbira amayi, ndawawerengera madala mauthenga onsewa pafoni. Atamva za aphunzitsi anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Mnzanga uja timakhala benchi imodzi, osandiuza?" Aphunzitsi, akuti mupite mukacheze. Kukhala tsonga nthawi yaitali sakutha, koma tikawatsamiritsa pakhoma ndi mapilo awiri amakwanitsa ola limodzi, makamaka chakum'mawa akangomwa mankhwala. Akuti bawo lawo lili pakhonde, koma nkhomo zina adzukulu anataya.

Agogo aphunzitsi:
Auzeni Loweruka cha m'ma 9 koloko ndili pamenepo. Nkhomo ndibweretsa zanga.